Ndinachotsa Pakote, Pauta Ili Mkati

Anzanga, satifiketi ya masiku atatu ndi yoopsa kuposa umbuli weniweni. Ine ndinakaitenga ku Lichinga, ya maphunziro a kompyuta, ndipo chibwerereni ku Msumba aphunzitsi anzanga anasiya kunditchula Zakariya, ndinasanduka Enjenyeru. Mukuganiza ndinakana? Dzina lokoma chonchi munthu angalikane bwanji?

Tsono Lolemba lina masana a Direkitori anandiitana kuti kompyuta ya sukulu ikukana kusindikiza, pamene pauta, mndandanda wa mamakisi a ana a kalasi yomaliza, iyenera kufika ku Metangula Lachisanu m'mawa. Ikachedwa, ana athu sawerengedwa nawo chaka chino. Ndinasuzumira, ndinagwedeza mutu ngati wodziwa, n'kunena kuti vuto ndi pakote imodzi, pulogalamu yaikulu imene mapulogalamu ena onse amatsamira. Nzeru yanga inali yophweka: ndiichotse, ndiikenso yatsopano, basi tikadye.

Kompyutayo musaiimbe mlandu, inandichenjeza. Inatulutsa chimndandanda cha zinthu zimene zichokere limodzi ndi pakoteyo, n'kundifunsa ngati ndikuvomera. Koma kumbuyo kwanga kunali a Direkitori, pambali Dona Marita, mlembi wa sukulu, akupukuta magalasi awo, ndiye Enjenyeru wathunthu ayambe kuwerenga molondola ndi chala pamaso pa anthu? Ndinavomera osawerenga ndi mzere umodzi womwe.

Tizithunzi tinayamba kuzimirira kamodzikamodzi, kenako sikirini yonse bii, kwangotsala timalemba toyera pakona.

"Ndi mmene imachitira," ndinatero, thukuta lili kamukamu.

Ndinailamula kuti itenge pakote yatsopano pa intaneti, iyo n'kuyankha kuti intaneti siikuidziwa. Kani kapulogalamu kolumikizira intaneti kanali m'chimndandanda chomwe chija! Ndinali nditazula thabwa la pansi bwato lili pamadzi.

Koma ine, mukundidziwa, sindigonja msanga. Lachiwiri m'mamawa ndinapalasa njinga mpaka ku Chiwanga kwa mnzanga wa nyumba ya alendo kumene netiweki imagwira, ndinaika pakote mu fulashi, ndinabwerera ndikuimba mluzu. Kuiika, yakana, akuti ikufuna anzake awiri. Chabwino. Ndinapitanso masana omwewo, dzuwa likuswa mtengo, amayi oyanika usipa ayamba kundifunsa ngati ndapeza mbeta kumeneko. Awiri aja nawo akuti popanda anzawo anayi sagwira ntchito. Abale inu, mapakote ali ndi chibale choposa cha kwathu. Lachitatu ulendo wachitatu, ndipo zitakanikabe ndinapsa mtima n'kuikakamiza kuti ilowe ifune isafune. Inalowadi, ndipo kuyambira pamenepo kompyuta inasiya kuonetsa ngakhale timalemba toyera tija.

Madzulo ake ndinakumana ndi bambo Mateyu, msodzi, akuchokera kokonza ukonde. Anandipatsa moni mwaulemu n'kufunsa ngati dzina la mwana wawo wamkazi lapita kale ku Metangula, poti ndiye woyamba m'banja mwawo kufika kalasi imeneyo. Ndinayankha kuti zonse zili m'manja, koma kunena zoona apa ndiye ndinachita mantha enieni.

Lachinayi ndinameza ulemu wanga n'kuimbira msuweni wanga wa ku Lichinga, amene makompyuta ndiyo ntchito yake. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandiuza kuti ndisiye kulimbana ndi mtembo, ndiyatse kompyuta kuchokera pa fulashi ina, ndisolole pauta yokhayo. Fulashi inayo ndikaikonzere kuti? Ku Chiwanga, ulendo wachinayi. Ndinapita, matako atatupa, ndinabwera, ndinatsata mawu ake limodzilimodzi, ulendo uno ndikuwerenga ndi chala, ndipo cha m'ma folo koloko pauta ija mbee, maina onse alimo.

Ndinathamangira ku ofesi fulashi ili m'mwamba. Dona Marita anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Aphunzitsi, pauta inapita dzulo. Lolemba lomwelo nditangomva kuti kompyuta muigwira ndinu, ndinakhala pansi n'kuikopera yonse pamanja."

Ndinafunsa kuti nanga a Direkitori akudziwa? Akuti ndiwo anasaina. Nanga aphunzitsi enawo? Akuti awiri anathandiza kuwerenga maina. Ndiye bwanji osandiuza, ine ndikutha matayala pamsewu wa Chiwanga?

"Munkaoneka olimbikira kwambiri," anatero. "Tinachita manyazi kukudulani."

Kompyuta ija mpaka lero ili m'kabati, ikudikira msuweni wanga adzabwere pa tchuthi. Ine ndalumbira: chinthu cha sukulu chokhala ndi waya sindidzachigwiranso, ngakhale kungochipukuta fumbi, ndisanafunse Dona Marita ngati amaliza kukopera.