Kompyuta ya ba Zulu ku Parklands

Inu amene mukupotoza milomo kumbuyoko, sekani mumalize, chifukwa anthu oti foni yanu yomwe amakutsegulirani ndi ana simungandiuze kanthu za kompyuta.

Mwana wanga Tisa ankakwatiwa Loweruka ku Ndola, ndipo mapulogalamu a ukwati ankayenera kusindikizidwa pa shopu ya ba mulamu, ba Zulu, ku Parklands mu Kitwe. Akuchimuna, anthu a ku Kansenshi ku Ndola komweko, oyenda pa galimoto, anali atanena kale kuti ife a ku Kitwe ngakhale kapepala kamatikanika. Manyaziwo ndinkawaopa, sindibisa. Tsono kompyuta ya m'shopumo inkayenda ngati nkhalamba ya nyamakazi, ndipo malaiti akapita n'kubwera inkadzukanso ndi ulesi womwewo. Ba Pasita anali ataidzoza kale mafuta mpaka kiyibodi kumaterera. Nzerutu zimenezo.

Ine ndinangoinunkhiza. Mukumva? Kununkhiza basi, n'kudziwa kuti vuto ndi sikiripiti, timalamulo timene timauza pulosesa, ubongo wa makinawo, liwiro loti ithamange ikangoyaka. Sikiripitiyo inkafuula lamulo pulosesa isanadzuke, ngati mayi wotuma mwana ali m'tulo. Ndinalemba mzere woti iziyamba yadikira, n'kuchotsanso malire onse a liwiro, pakuti ine ntchito ya theka sindigwira.

Awe mwe bantu, itayaka, fani yake inaomba chimphepo chimene chinasesa fumbi lonse la Kitwe n'kukalikhuthula ku dera la Bwana Mkubwa, pafupi ndi Ndola, mafuta a ba Pasita anawira mpaka mayi wina wa pakhonde anakazingiramo vitumbuwa, wotchi ya pakhoma inathamanga moti m'shopu munali Loweruka pamsewu pakadali Lachinayi, ndipo mapulogalamu anatuluka tisanalembe n'komwe, muli nyimbo, muli mayina a operekeza, muli amene adzaledzere n'kugwera mu keke, m'munsi mwake dzina la mwana woyamba kubadwa, Dalitso. Mukumva? A ku Kansenshi aja anawerenga ataimirira, zipewa zili m'manja.

Mukuti ndikuonetseni kompyutayo? Ba Zulu amati inapsa tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero sandipatsa moni, koma munthu wogulitsa maenvulopu angadziwe chiyani? Inangotitsogolera, ili ku chaka chamawa, tikaipeza komweko. Umboni ulipo, woyenda ndi miyendo. Kwerani basi ya ku Ndola mukafunse dzina la mdzukulu wanga. Ndi Dalitso, ndendende mmene makina analembera. Inde, dzinalo ndinamutcha ndine. Nanga mumafuna amutche ndani, agogo ake ndilipo?