Chimakina cha sinowo cha a Ambrosio

Inu, basi ya ku Clondalkin sikuoneka, ndiye tamverani za a Ambrosio. Ndi aja amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Lucan, amuna awo a mayi Scholastica, anamwino a ku chipatala cha St James's. Ndi munthu wabwinobwino, wopemphera, mowa salawa n'komwe. Koma ali ndi matenda athu aja amuna a ku Malawi kuno ku Dublin: tikachita manyazi kamodzi, mankhwala ake timaona ngati n'kugula chinthu cha injini.

Manyazi awo anayambira pa sinowo wamkulu uja wa 2018, amene anasowetsa buledi m'mashopu. M'mawa wina a Scholastica amayenera kupita ku ntchito, koma pakhomo panali pataunjikana sinowo wolekeza m'mawondo, ndipo fosholo m'nyumbamo munalibe. A Ambrosio anatuluka ndi thireyi yophikira makeke, masokosi atavala kumanja, n'kuyamba kufukula. Mwana wawo Mwaiwawo anawajambula pa foni, kanema uja n'kuyenda mpaka ku Dedza, kwa alamu awo a Watson, amene kuyambira pamenepo amangowatchula kuti "a Thireyi." A Ambrosio amaseka nawo, koma mumtima zinkawawa, ndipo sanaiwale.

Zaka zinapita, Mwaiwawo anakula, n'kupezeka mnyamata wofuna banja. Chinkhoswe anachiika mu Januwale, pakhomo pomwepo. A Scholastica anali atasunga ndalama za firiza yaikulu, ija yotsekulira pamwamba, poti mbuzi yathunthu ndi nkhuku za alendo sizingakwane mu kafiriji ka m'khitchini. Kukasungitsa nyama kwa anzathu anakaniratu. Amatidziwa. Mbuzi ikapita kosungitsa ndi miyendo inayi imabwerako ndi itatu, wosungayo akulumbira kuti inabadwa choncho. Ulemu wonse wa mayiwo pamaso pa akuchimuna unali pa nyama imeneyi, ndiye anapatsa amuna awo ndalamazo kuti afufuze firiza pa intaneti.

Pofufuzapo m'pamene anakumana nacho. Mzungu wina wa kumapiri a Wicklow amagulitsa makina ochotsera sinowo, ofiira psuu, a matayala okhakhala, kukamwa kuli mano achitsulo, pamwamba pali chitoliro cholavulira sinowoyo kutali. Mtengo wake unali wofanana ndendende ndi ndalama za firiza zija, ndipo a Ambrosio anaona ngati n'chizindikiro chochokera kumwamba.

Musawanamizire, sanapupulume. Safunsa anadya phula, ndiye iwo anafunsa. Anayamba ndi mayi Aggie, gogo wachiairishi woyandikana nawo nyumba. Tsono Aairishi ali ngati ife, sauza munthu pamaso kuti mutu wasokonekera. Gogoyo anayang'ana chithunzi, n'kunena kuti mtundu wake ndi wokongola, ndipo malemu amuna awonso ankakonda zinthu za injini. A Ambrosio anawerengera kuti wavomereza. Atatuluka mu Misa anafunsa ife azibambo. Panalibe ngakhale mmodzi amene anachionapo chinthucho ndi maso, koma aliyense anali atayamba kale kuganiza zodzabwereka, ndiye tonse tinati gulani, mwamuna sakhala chimanjamanja. Bambo Manfred okha, wansembe wathu wa ku Zomba, ndi amene anafunsa kuti kodi njira yochokera pakhomo kukafika pageti ndi yaitali bwanji. Kanjirako, inu, mutayala mphasa imodzi kathera pomwepo. A Ambrosio anayankha kuti njira ndi yaifupi, koma ulemu wa munthu ndi wautali.

Ngakhale pa basi amakangana okha mumtima. Mbali ina imati sinowo wa ku Dublin ndi wamanyazi, amagwa m'mawa, pofika masana wasanduka matope. Mbali inayo imati nanga akadzagwa wa 2018 uja tsiku la chinkhoswe, akuchimuna n'kupeza apongozi ali chogwada ndi thireyi? Mbali yachiwiriyi inali ndi mawu okweza. Munthu mmodzi yekha mu Dublin monse amene sanafunsidwe anali a Scholastica.

Tsiku limene galimoto inabweretsa katunduyo, mayiwo anali atachotsa kale tebulo m'khitchini, malo a firiza atakolopa mpaka kuwala. Anatuluka akumwetulira, n'kuima.

"Bambo a Mwai, freezer imeneyi ili ndi matayala bwanji?"

"Mayi a Mwai, tiyeni tikhale pansi kaye. Iyi ndi snow blower."

"Nyama imalowa pati?"

A Ambrosio anayamba kufotokoza za mphamvu ya injini, za kusintha kwa nyengo, za alendo otsetsereka n'kuthyoka miyendo pakhomo pa eni. A Scholastica anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"Ine ndinakutumani makina opanga chisanu," anatero motsitsa mawu. "Inu mwakagula othamangitsa chisanu. Eight hundred euro yanga."

Sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zinali zoopsa kwambiri.

Nyumba za ku Clondalkin komwe amakhalako ndi zogundizana, zopanda kanjira kam'mbali, ndiye kuti chimakinacho chifike kuseri chinayenera kudutsa pabalaza. Chinakoka kapeti, chinapala khoma, n'kukakanika kutuluka pa chitseko cha kumbuyo. Chinakhazikika m'khitchini momwemo, pamalo okolopedwa aja a firiza. A Scholastica anangoyamba kuyanikapo tinsalu topukutira mbale.

Tsopano inayamba ntchito yodikira. Disembala yense kunagwa mvula yokhayokha. A Ambrosio amamvetsera zanyengo ngati mlimi wodzala chimanga pouma, ndipo nkhalamba za ku ntchito kwawo zinatopa n'kufunsidwa ngati mawondo awo akumva sinowo. Anafika mpaka pofunsa bambo Manfred ngati n'zololedwa kupempherera sinowo, monga timapempherera mvula kwathu. Wansembeyo anati theka la parishi yawo limayendera ndodo, ndipo akangoyerekeza pemphero limenelo adzawapirikitsa ndi ndodo zomwezo.

Loweruka lina kunagwa matalala. A Ambrosio anati awa ndi abale ake a sinowo, basi tiyese. Koma pomwe amamaliza kuchikoka kudutsa pabalaza, matalala anali atasungunuka, dzuwa likuseka. Injini inali italira kale, maneba atasuzumira m'mawindo, ndiye kubwerera kunali kovuta. Anachilozetsa pa masamba onyowa a pageti. Chinameza masamba, chinameza timiyala, chinameza chopondera chapakhomo, n'kulavula zonsezo kudutsa mpanda. Chopondera chija chinakatera pa denga la galimoto ya mayi Aggie, timiyala tikulira pa mabini a msewu wonse. Gogoyo anatuluka, n'kuyang'ana galimoto yake, n'kunena mwaulemu kuti mphamvu ndiye chili nazo. Mwaiwawo anali pawindo la m'mwamba ndi foni, ndipo dzuwa lisanalowe kanemayo anali ku Dedza.

Mawa lake a Watson anaimba foni. Kumbukirani kuti awa ndi achimwene awo a Scholastica, malume ake a Mwaiwawo, mwini mbumba, ndipo popanda mawu awo chinkhoswe sichingayende. Tsono kwathu wamkulu sapempha, amangoyamikira. Anati chinthucho chimaponya bwino. Anati chotere chitakhala ku Dedza, munthu sangavutikenso kumwaza manyowa kudimba, mwinanso n'kupeta chimanga chomwe. Anati koma ndiye ena ali ndi mwayi. Kenaka anatsokomola, n'kunena kuti za chinkhoswe zija akuziganizirabe, poti mnyamatayo sakumudziwa bwino.

A Ambrosio anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti ku Dedza kumazizira inde, koma osati choncho. A Scholastica anawalanda foni.

"Achimwene, musavutike. N'chanu chimenecho. Alamu anu anagulira inu."

A Watson anati mnyamata uja, akamuganizira bwino, ndi wa makhalidwe.

Lachinayi la sabata ya chinkhoswe, ba Kanyanta, mnzathu wa ku Zambia amene amatumiza katundu kwathu pa kontena, anabwera kudzachinyamula. Chinapalanso khoma potuluka, mbali inayo. Galimoto yawo isanakhote n'komwe, inafika ya mbuzi. Nyama inadzaza tebulo, sinki ndi mabeseni, kafiriji katadzaza kale ndi nkhuku, ndipo chinkhoswe chinali Lamlungu. A Scholastica anakhala pampando n'kumayang'ana malo opanda kanthu aja, misozi ikutsika mwakachetechete. Apa a Ambrosio nthabwala zinawathera. Anaona kuti mkazi amene anaima mashifiti ambirimbiri kuti mwana wake alemekezeke adzachita manyazi chifukwa cha iwo, ndipo anadzimvera chisoni, anadzinyansanso. Anati mwina atengeko ina akasungitse kwa anzawo. Mayiwo anangopukusa mutu.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Lachisanu kutacha, a Ambrosio anatsegula katani n'kupeza Clondalkin yense ali mbuu. Magalimoto atakwiririka, mabasi ataima, ana akukuwa mumsewu. Sinowo amene anamudikira zaka zonsezi anali atabwera ndi abale ake omwe. Anaimbira ba Kanyanta, amene anayankha mokoma kuti kontena inatsekedwa dzulo, ili kudoko. Anakhala pa bedi kanthawi, kenaka anaseka okha, poti kulira kukanachulukitsa. Anatsika, anavala masokosi kumanja, n'kutulutsa thireyi ija mu uvuni.

Kuseri kwa nyumba, kumene mphepo inaunjika sinowo wambiri, anapeza a Scholastica atavala jombo, chitenje pamwamba pa jekete, akukwirira m'sinowomo bokosi lomaliza la pulasitiki lodzaza nyama. Anali akuimba nyimbo ya kwaya. A Ambrosio anawerama kuti ayambe kuwalambulira njira.

"Musakhudze pamenepo, bambo a Mwai."

"Ndimati ndichotse, mungagwe."

"Muchotse chiyani? Freezer yanga yafika. Yaikulu kuposa imene ndinakutumani." Analoza thireyi ija. "Inu ntchito yanu n'kuthira wina pamwamba, asasungunuke mpaka Sunday. Wapano akatha mukapemphe kwa Aggie. Ndipo nkhandwe ikangotenga mwendo umodzi, mukafotokoza nokha kwa akuchimuna."

Ndiye ndi mmene zinakhalira, inu. Dublin yense akutaya sinowo kunja kwa mipanda, munthu mmodzi yekha amatuta wa eni kupititsa kwake, kudutsa nawo pabalaza pa thireyi, mosamala ngati wanyamula keke ya ukwati. Anakokolola wa pakhomo pawo, wa mayi Aggie, mpaka wa nyumba yachitatu. Gogo uja anauza msewu wonse kuti neba wotere sanamuonepo. Lamlungu akuchimuna anayenda pouma kuchokera pageti, anadya mbuzi ya miyendo inayi, ndipo a Scholastica anavina mpaka mpango kugwa.

Mukawafunsa lero a Ambrosio ngati makina aja anali oyenera mtengo wake, amakanda m'mutu n'kunena kuti funsolo mukafunse ku Dedza, kumene anamva kuti tsiku loyamba anaponya thumba lonse la chimanga cha alamu m'munda mwa eni. Iwo akuti zogula zinthu za injini anasiya. Koma sabata yatha ndinawapeza pa basi pomwe pano akuyang'ana pa foni, ndipo atandiona anabisa msanga. Ndinaonako pang'ono. Linali bwato, poti akuti chaka chino kukhala madzi osefukira.