Khadi la Zithunzi m'Thumba la Zinyalala

Dilu yonse inaphikidwa masana a Lachinayi pa kamalo kokazinga nkhono kuseri kwa msika, mabotolo a mowa atachuluka kuposa nzeru za anthu owamwa. Mwini pulani anali Pan Yao-ting, yemwe anzake ankamutcha Injiniya ngakhale kuti sikuludiraiva ankaigwira pokhapokha akamathyola loko wa njinga yamoto ya eni. Uinjiniya wake wonse anautola m'mavidiyo a pafoni. Kumanja kwake kunali Kun-shan, wotchuka ndi dzina loti Chimphona, munthu amene anapatsidwa mapewa a anthu awiri n'kumanidwa zina zonse. Kumanzere kunali Malume Tu, mbava yomwe chaka chilichonse inkalengeza kuti yapuma pantchito.

"Amwene, tcherani khutu," anatero Injiniya, akugogoda tebulo ndi timitengo todyera. "Sitikupita kukaba ayi. Tikupita kukasankha."

"Kusankha kosalipira?" anafunsa Malume Tu. "Masiku athu tinkakutcha kuba kumeneko."

"Kuba n'kutola chilichonse chagwera m'manja, madala. Kompyuta siyendera zimenezo. Pulosesa imafuna madabodi ya mtundu wake, madabodi imafuna memore yake, ndiye pamwamba pa zonsezo pali bwana wamkulu, khadi la zithunzi. Ukaphonya chimodzi, wamanga bokosi losungira fumbi."

"Ikhale yoyaka timagetsi ta utawaleza," anatero Chimphona, m'kamwa mutadzaza nkhono. "Yamdima ine sindinyamula."

Musaganize kuti Injiniya ankafuna kompyutayo kuti akagulitse. Vuto lake linali la mtima. Pei-shan, mtsikana wogwira ntchito kuchipatala cha mano, analandira mphete yake ndi pangano limodzi lokha: akadzabanso, ngakhale ambulera, zathera pomwepo. Ndipo mnyamatayo ankamukondadi, pamenepo tisamunamizire. Koma tsiku lomwe anakaonekera kwa mayi Liao, amake a mtsikanayo, pakamwa panamutsogolera. Atafunsidwa za ntchito, anati amajambula zilombo ndi ankhondo a m'magemu, pa kompyuta yamphamvu yomwe anadzimangira yekha ndi manja ake. Mayi Liao, munthu wosagula nsomba asanainunkhize, anangoti, "Chabwino, Lamlungu ndibwera ndidzaione." Kompyuta imeneyo inali isanabadwe, ndipo khadi lokha mtengo wake unali wa njinga yamoto.

"Tsono pulani ndi iyi," anapitiriza Injiniya. "Madzulo galimoto ya zinyalala ikangomveka kuimba kanyimbo kake chapatali, kanjira konse ka kusitoloko kamakhuthukira kumsewu kukataya zinyalala. Bwana Fang wa sitolo ya makompyuta amangokankha chitseko osakiya, n'kunyamuka ndi thumba lake. Akafika kumeneko amayamba kudandaula za bondo lake kwa aliyense woima naye pafupi. Ife talowa, tasankha, talonga m'matumba abuluu a boma otayira zinyalala, tadutsa pakati pa anthu galimoto isanafike. Ndani angayang'ane kawiri munthu wonyamula thumba labuluu nthawi imeneyo? Malume, inu mudikira pakona ndi njinga, injini ikulira."

"Wazidziwa bwanji zonsezi?"

"Ndimaziona pawindo la kwa apongozi."

Malume Tu anasiya kutafuna. "Apongoziwo amakhala m'kanjira komweko?"

"Ndiye ubwino wake! Ndimakadziwa mpaka mphaka wa nyumba iliyonse."

Apa munthu wamutu akanaika botolo pansi n'kupita kukagona. Koma atatuwa anaombanitsa matambula, Chimphona n'kuitanitsa mbale ina ya nkhono. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Lachisanu madzulo, dzuwa lidakalipo, kanyimbo kaja kanamveka chapatali. Zitseko zinayamba kutseguka, masilipasi kuti phwa phwa phwa kulowera kumsewu. Bwana Fang anatuluka akutsimphina, nakankha chitseko ndi chigongono. Mpaka pamenepo Injiniya anali mneneri. Iye ndi Chimphona analowa, zophimba pakamwa zili kumaso ngati anthu a chimfine.

Kunena zoona, ntchito ija inali yongolowa n'kutuluka. Koma Injiniya ataona mashelefu, anaiwala zofulumira. Zinthu zomwe ankangoziona pafoni zinali pamenepo, zonyezimira, zonunkhira pulasitiki watsopano. Pulosesa anaitola mwachangu. Madabodi yoyamba anaibweza chifukwa inali ya pulosesa ya mtundu wina, yachiwiri anaibweza chifukwa inali ndi mipata yochepa ya memore, yachitatu anaikana chifukwa munthu wina wa muvidiyo anaitukwanapo.

"Aise, ingotenga iliyonse," ananong'ona Chimphona. "Apongozi ako akadziwa chiyani?"

"Iwe, chinthu ichi ndikhala nacho zaka. Ukufuna ndizidzanong'oneza bondo?"

Kenako anafika pa makhadi a zithunzi, ndipo apa ndi pomwe mzimu unamuchokera. Panali awiri. Lina linali ndi memore yambiri, loyenera munthu wojambula zinthu zolemera. Linalo linali laliwiro pamagemu, lokhala ndi mafani atatu oziziritsa. Injiniya anaima, lina kudzanja ili, lina kudzanja ilo, akuwayang'ana ngati bambo wofunsidwa kuti asankhe pakati pa mapasa ake.

"Tenga onse awiri," anatero Chimphona.

"Onse awiri? Ndife mbava ife?"

Anatulutsa foni n'kuyamba kuwerenga ndemanga za anthu. Wina ankati la mafani atatu limaphokosera, wina ankati amene akunena zimenezo agogo ake ndiwo amaphokosera. Injiniya anawerenga mkangano wonsewo mpaka pansi. Atasankha la memore yambiri, anakumbukira kuti mwina ndi lalitali kuposa kesi ya kompyuta yomwe ankaifuna, ndiye anavula silipasi n'kuyamba kuyeza khadi, kuyeza kesi, kuyezanso khadi. Chopereka magetsi chomwe Chimphona anamupatsira anachikankha monyansidwa, ati chofooka, chingaotche nyumba. Nthawi yonseyi Chimphona anali atagwada pa kompyuta yoonetsera makasitomala, akuzula mafani a utawaleza limodzi ndi mawaya ake ngati akukumba mbatata.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pamene Injiniya ankadzidzimuka, kanyimbo kaja kanali katasiya kumveka chapatali. Kankalira pakhomo penipeni pa kanjira.

"Longa! Longa!" Anakulunga bokosi la khadi, pulosesa ndi madabodi m'zisanza zopukutira fumbi, naziponya m'thumba labuluu n'kumanga. Zotsalazo zinalowa m'thumba la Chimphona. Kesi inakana kulowa paliponse, Injiniya n'kuisisita pamwamba, ati adzaitenga mawa. "Tamvera, Chimphona. Thumba langali ndi ukwati wanga. Likangokhudza pansi, ulitole. Wamva?"

"Likakhudza pansi nditole. Bhobho."

Atatuluka anapeza galimoto yachikasu yatseka kukamwa kwa kanjira, yoyera yotenga mabotolo ndi zitini ili kumbuyo kwake. Anthu anali bii, aliyense ndi thumba labuluu. Injiniya anaweramitsa mutu n'kuyamba kudzipanikiza m'mbali mwa khoma. Anatsala pang'ono kutulukira, mawu anamulasa kumsana.

"Yao-ting! Si Yao-ting ameneyo?"

Pulani yonse inatsamira pa mfundo yoti kanjira konse kamatuluka. Injiniya, dolo wa mapulani, anaiwala kuti kanjira konse ndi apongozi omwe. Ndipo mayi Liao ankamudziwa ndi kayendedwe, chophimba pakamwa sichinathandize kanthu.

"A... amayi, mwaswera bwanji?"

"Taonani anthu inu!" Mayi Liao anatembenukira azimayi anzawo, nkhope ikuwala. "Uyu ndi mkamwini uja ndinkanena, wojambula pa kompyuta. Munthu wophunzira, koma taonani, akutaya zinyalala yekha. Wanu uja, mayi Kuo, anayamba wagwirapo thumba? Bwera, mwana wanga, undilandire awa, msana wandipweteka."

Mayiwo anali ndi matumba awiri olemera. Injiniya anaika lake pansi pafupi ndi phazi, nalandira loyamba ndi manja awiri monga mwa ulemu, n'kuliponya m'galimoto. Azimayi aja anang'ung'udza mokhutira. Bwana Fang anali chapomwepo, akufotokozera munthu wina mmene bondo limachitira kukamabwera mvula.

"Ndi ilo latsala pamapazi akolo," anatero mayi Liao. "Ponya, galimoto ikupita."

Injiniya anayang'ana pansi. Thumba labuluu, lomangidwa bwino, lolemera. Kumbuyo kwa mayi Liao kunatulukira Pei-shan atanyamula mabotolo, akumumwetulira monyadira, kumwetulira kumene anali asanamuonetsepo chiyambire chibwenzi. Mutu unamuuza zoona: ponya, kwatira, za Lamlungu udzanama bodza lina, udzati kompyuta yapsa. Anatola thumba lija, natseka maso, n'kuliponya.

Akanangotembenuka pamenepo, bwenzi lero tikudya phwando la ukwati. Koma wantchito wa pagalimoto anakoka chitsulo, ndipo chibwano chophwanya zinyalala chinayamba kutsika pang'onopang'ono, chikulira. Injiniya anaona thumba lake likutsetserekera kukamwa kwa makinawo. Anakumbukira ndemanga zonse anawerenga zija, ndi silipasi ija.

"Khadi langa!" anakuwa, mawu kuposa kanyimbo. "Imitsani! Muli khadi la zithunzi mmenemo! La memore yambiri!"

Ndiye anadumphira m'galimoto chamutu.

Mayo ine, chipwirikiti chake! Azimayi anakuwa, wantchito anamenya batani loimitsa makina, anthu awiri n'kugwira miyendo yomwe inkapalasa m'mwamba. Anamusolola ngati nsomba, silipasi imodzi itatsala mkati, iye atakumbatira thumba lake pachifuwa. Thumbalo linali litang'ambika, ndipo chomwe chinkakhuthukira pamalaya ake sichinali khadi ayi. Unali mchenga wa chimbudzi cha mphaka, wogwiritsidwa kale ntchito mokwanira.

"Amenewo ndi a mphaka wanga," anatero mayi Liao pang'onopang'ono. "Ukuwalirira chiyani?"

Matumba a boma onse ndi ofanana, ndiye munthu angasokoneze. Injiniya akanatha kunena kuti mutu unamuzungulira, kuti ndi kutentha, kuti anthu ojambula amakhala choncho. Pakamwa panali patayamba kale kusaka bodza. Koma Mulungu anamupatsa mnzake womvera malangizo.

"Injiniya, usalire aise!" Chimphona anakankha anthu, akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. "Linakhudza pansi, ndinatola! Nali khadi lako, silinaphwanyike!"

Anang'amba thumba n'kukweza bokosi la khadi m'mwamba kuti mnzake alione bwino. Analiona bwino anthu onse. Pabokosipo panali chikwangwani chofiira cha sitolo ya bwana Fang, ndipo m'thumba linalo munkalendewera mafani a utawaleza ndi mawaya ake.

Bwana Fang anasiya nkhani ya bondo pakati. Anayang'ana bokosi, anayang'ana chitseko cha sitolo yake chili pululu, ndipo bondo lija linachira nthawi yomweyo. "Akubaaa!"

"Malume Tu!" anafuula Chimphona, nzeru zitamufika mochedwa. "Lizani njinga, tithawe!"

Anthu onse anatembenukira kumene ankayang'ana. Malume Tu sanali pakona, ndipo njinga sinkalira. Anali pamzere wa galimoto yoyera, atanyamula mtolo wa zitini za mowa. Akazi awo anawauza kuti poti mukupita kumene kuli galimoto, musapite chimanjamanja, ndipo Malume Tu ankaopa akazi awo kuposa ndende.

"Sindikuwadziwa anthu amenewa," anatero Malume Tu.

"Ndi malume athu oyendetsa," Chimphona anafotokozera gululo mwaulemu.

Kuthawa kunalibe. Kutsogolo galimoto, kumbuyo azimayi a m'kanjira onyamula zidebe za zakudya zotsala, ndipo nkhope zawo zinkaonetsa kuti akungofuna chifukwa. Atatuwa anakhazikidwa pansi m'mphepete mwa msewu kudikira apolisi. Mayi Kuo, omwe mkamwini wawo anachitiridwa chipongwe posachedwapa, ankaseka mpaka kugwira khoma.

"Wanga uja sagwiradi thumba," anatero. "Koma salowanso m'galimoto."

Mayi Liao anayang'ana bokosi lomwe bwana Fang ankalipukuta ndi malaya, kenako anayang'ana mkamwini wawo. "Lamlungu usavutike kuphika tiyi," anatero. "Kompyuta ija ndaiona."

Injiniya sanamve n'komwe. Maso ake anali pa Pei-shan. Mtsikanayo sanakuwe, sanatukwane, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamuopsa kwambiri.

"Pei-shan, ndinachitira iwe," anatero. "Ndinkafuna amayi andione ngati munthu."

"Unali utaponya kale, Yao-ting," anayankha mtsikanayo. "Ndinakuona ndi maso angawa. Unali utaponya, kenako unalitsatira."

Anapereka mabotolo ake ku galimoto yoyera, limodzilimodzi, monga mwa lamulo. Atamaliza anavula mphete, naionetsa kwa wantchito wosankha zinyalala.

"Achimwene, ichi chikulowa thumba liti?"

Munthu uja anaiyang'ana kamodzi kokha, n'kuloza thumba la zitini.

Pei-shan anaiponya, ndipo mphete inalira kuti ngwe pakati pa zitini za Malume Tu. Injiniya anaimva bwinobwino ngakhale kanyimbo kanali katayambanso, ndipo analira ngati mwana, mchenga wa mphaka uli m'tsitsi, galimoto zonse ziwiri zikukhotera kanjira kotsatira.