Maliboni a Kaputeni Biswick

Pulani inabadwira mu pabu ina ku Croydon, mowa utayamba kulankhula. Biswick, amene anzake ankamutcha Kaputeni, zinali zitamuthina. Ntchito yake inali yotsuka mbale kunyumba yosungira okalamba, koma pofunsira Esnat anauza bambo a mtsikanayo, a Paterson, kuti kale anali msilikali wa pamadzi. Tsono mdalayo analamula kuti Loweruka mkamwini abwere atavala mamendulo ake, apo ayi za Esnat aiwale.

"Nkhani yaing'ono iyo, mani," anatero Reinford, wotchedwa Pulofesa chifukwa anakhalapo pa yunivesite ya Greenwich, ngakhale kuti anali mlonda. "Pafupi ndi mtsinje pali kashopu ka zinthu zakale za nkhondo. Mwini wake ndi kamzungu kokalamba, ka Adrian. Ine ndikomoka, iwe utola."

Kukomoka kokha anakomokadi bwino. Anagwa ngati thumba la chimanga, a Adrian n'kuthamangira madzi, Kaputeni n'kulowetsa m'thumba kachitsulo kokutidwa ndi maliboni amitundumitundu, kamene kanali pansi pa chithunzi cha sitima. Mu basi anakumbatirana ngati awina chikho.

Chimwemwe chinathera pa foni ya Esnat.

"Dadi akuti uzawafotokozere liboni iliyonse, unaipeza bwanji. Usandichititse manyazi, plizi."

Awiriwo anayang'anitsitsa kachitsulo kaja mpaka maso kuwawa. Yakuda ya mizere yoyera Pulofesa anati ndi ya maliro. Yachikasu anati ndi ya malungo. Kaputeni anafuna kulira, pakuti Esnat ankamukonda zenizeni.

"Ndiye tifunse ekisipati," anatero Pulofesa. "Mu London muno wodziwa izi ndi mdala yemwe uja."

"Amene tamubera?"

"Ukuopa chani? Kwa mzungu tonsefe nkhope ndi imodzi. Ingovala chipewa."

Mawa lake mbava ziwiri zinabwerera kushopu, wina chipewa, wina magalasi, katundu wakuba ali m'manja. Zinapereka moni mwaulemu wonse wa kwathu. A Adrian anayang'ana maliboniwo, anayang'ana alendowo, kenaka anawapatsa mipando ndi tiyi. Analowa kuseri pang'ono kukaimba foni, n'kubwerako akumwetulira.

"Ndi anga, bwana," anatero Kaputeni. "Ndangoiwala matanthauzo, mukudziwa nkhondo imasokoneza mutu."

"Zoonadi," anavomera mkuluyo. "Awa ndi a asilikali a pamadzi a ku Jeremani. Yakuda ndi yoyerayi ndi Mtanda wa Chitsulo, munaulandira pa nkhondo ya 1914. Yachikasu pakatiyi munakamenya nkhondo ku China mu 1900. Mukuoneka wamphamvu ndithu pa msinkhu wanu."

Pulofesa anagwedeza mutu monyadira mnzake. Kaputeni anali kalikiliki kuloweza, milomo ikuyenda. Apolisi atalowa, anawakwezera dzanja kuti adikire kaye, poti panatsala liboni imodzi.

"Nanga yabuluuyi, bwana?"

"Imeneyo," anatero a Adrian, unyolo ukulira pamkono wa Kaputeni, "amapatsa munthu amene watumikira zaka zambiri mokhulupirika."

Mu galimoto ya apolisi Kaputeni anapempha foni naimbira Esnat. Anayankha ndi a Paterson. Kaputeni, munthu wa Mulungu, m'malo mopepesa, anayamba kufotokoza bwinobwino za nkhondo ya ku China, mdala uja n'kudula foni asanafike n'komwe pa yabuluu.