Printa Yanga ndi Tambala wa Akuchimuna

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma bola ndiinene ndekha anthu a kwa Malemia asanaithire mchere. Komanso musadabwe, mbali ina ndimainyadira.

Ndinagwira ntchito yotayipa pasukulu zaka zambiri, ndipo ndili ndi printa yanga yakalekale, yolemera ngati thumba la mpunga. Mwana wanga Tadala, amene amakhala ku Blantyre, atanditumizira laputopu yatsopano anati, "Adadi, chiprinta chanucho tayani. Sichingagwirizane ndi imeneyi."

Zinandipsetsa mtima. Kutaya chinthu chamoyo?

Sabata imeneyo Chisomo, mwana wa mlongo wanga, ankakwatiwa Loweruka. Ine monga nkhoswe yake ndinali nditadzitama kale pamaso pa akuchimuna kuti mapulogalamu a ukwati ndisindikiza ndekha, pakhomo panga pomwe.

Vuto loyamba linali chingwe. Mutu wake unali waukulu, wa mano ambirimbiri, pomwe laputopu ili ndi timabowo ting'onoting'ono. Ndinakwera minibasi mpaka ku Zomba, ndinazungulira mashopu mpaka ndinapeza chingwe cholowa mbali zonse ziwiri.

Lachitatu ndinalumikiza. Ndinati ndiyese kaye ndi mawu awiri atatu, ndipo zala zinangolemba zimene zinali kumtima: "Tambala amene akuchimuna anabweretsa pachinkhoswe anali woonda ngati wadwala chitopa. Anthu oumira chonchi sindinawaonepo."

Ndinadina Print. Zii. Ndinadinanso. Zii. Kuzimitsa, kuyatsa, kupukuta fumbi, kudinanso. Pofika Lachinayi ndinali nditadina kambirimbiri. Ndinafufuta mawu aja n'kutayipa pulogalamu yeniyeni, koma nayonso sinatuluke.

Lachisanu masana a Matiki, nkhoswe ya kuchimuna, anafika panjinga kudzatenga mapepala. Thukuta kamukamu. Ndinawapatsa mpando, ine n'kuima pawindo pomwe netiweki imagwira, kuimbira Tadala.

"Adadi, paja ndinakuuzani."

"Zimenezo zisiye. Ungondiuza podina."

Anandiyendetsa pang'onopang'ono mpaka tinapeza kuti laputopu inkatumiza ntchito kukhomo lolakwika. "Sankhani palembedwa USB-po," anatero. Ndinasankha.

Printa inatsokomola, inanjenjemera, kenako inayamba kukoka pepala. Chimwemwe chimene ndinamva sindingachifotokoze.

"Tadala, ukumva kulirako? Nkhalamba umati nditaye ija yadzuka!"

Ndinadula foni n'kuwongola kolala. "A Matiki, bwerani muime apa. Pepala loyamba mulandire ndinu, mwaulemu."

Anavala magalasi n'kuwerenga, nkhope osasintha. Pepala lachiwiri linatuluka, analandira. Lachitatu chimodzimodzi. Ine ndili kumbuyo kwawo, manja m'thumba, kuwaphunzitsa: "Zinthu izi zimafuna mutu, achimwene. Ana a masiku ano amangodziwa kutaya."

"Zikuonekadi," anayankha.

Pa pepala lachisanu ndi chimodzi ndinasuzumira. Sinali pulogalamu, anali mawu anga onyoza tambala aja. Sindinkadziwa kuti ukadina Print, kompyuta imaika ntchitoyo pamzere n'kumadikira, ngakhale mawuwo utawafufuta. Ndinafuna kuzula chingwe, koma ndinaopa kuti printa ikazima sidzukanso, Chisomo n'kukwatiwa popanda pulogalamu. Ndinangoima chilili, tambala akutuluka mmodzimmodzi.

Anatuluka makumi awiri ndi atatu. Pamapeto pake pulogalamu inabwera, yooneka bwino, yopanda ndi banga lomwe. Ngakhale ndinali pamoto, kamtima kanadumpha ndi kunyada.

A Matiki anasanja mapepala a tambala aja pabondo, anawongola m'mbali mwake bwinobwino, kenako anavula magalasi.

"Achimwene, za tambala tamva pa pepala loyamba lomwe. Nanga otsalawa tikagawe kutchalitchi kapena kuholo?"

Printa yanga ikugwirabe ntchito mpaka lero, koma ndinaphunzira kuti makina akakhala chete si kuti sanamve.