Pempho Lakuti Chotupa cha Amuna Anga Chidikire

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Makina a Chipatala,

Bwana wolemekezeka,

Ine ndine telala chabe, wosoka pakhonde la sitolo ya nsapato. Ndikudziwa kuti munthu wa makina opalasa ndi phazi sayenera kutsegula pakamwa pa nkhani ya makina anu a maginito ojambula m'thupi. Mundikhululukire. Ndalemba kuti ndithokoze.

Amuna anga ndi ometa tsitsi. Chaka chatha anatuluka chotupa pansi pa chibwano, chaching'ono ngati batani la malaya. Lero mawu awo asasa, moti makasitomala amene ankadandaula kuti amawalongololera m'khutu ayamba kufunsa ngati tinayambana kunyumba. Adokotala anatiuza kuti makina anu amaona mmene madzi akuyendera m'mnofu wa munthu. Pamene pali khansa maselo amathinana, madzi amasowa podutsa, ndiye malowo amawala pachithunzi. Izi zimawathandiza kudziwa ngati ndi khansa kapena mwanabere wamba, komanso pamene yafika, asanagwire mpeni. Tinatuluka m'chipinda chawo tikumwetulira ngati tachira kale.

Zothokoza zanga ndi izi.

Choyamba, ndowa. Tsiku limene munatiitana, mayi wokolopa analowa m'chipinda cha makina ndi ndowa yachitsulo, maginito n'kumulanda. Ndowa inauluka n'kukamatirira pakamwa pa makinawo, mayiyo n'kutsala ndi chokolopera m'manja. Ndikuthokoza kuti simunapupulume. Munakhazikitsa komiti yoti iunike ngati ndowayo inali idakali ya nthambi yoyeretsa kapena inali itasamukira kunthambi yojambula. Komitiyo inakumana miyezi iwiri. Tsiku loichotsa munabwera nokha mutavala suti, ndipo chithunzi chanu mutainyamula chili pakhoma la chipinda chodikirira. Munaoneka bwino kwambiri.

Chachiwiri, tsiku lojambula linafikadi. Amuna anga anagona m'mphako ya makinawo theka la ola, mutu uli m'kachikhola, atawaletsa kugwedezeka ngakhale kumeza malovu. Anatuluka n'kundigwira dzanja pamaso pa anthu, zimene sanachitepo pa zaka makumi awiri ndi zitatu za banja lathu. Pa ichi chokha ndikuthokoza ndi mtima woona.

Chachitatu, munthu yekhayo wodziwa kuwerenga zithunzizo munamutumiza kumaphunziro a masabata asanu ndi limodzi, okaphunzira njira zochepetsera nthawi imene odwala amadikira. Ife tinamudikira monyadira.

Chachinayi, zotsatira. Pepala linatuluka ndi dzina la amuna anga, chidindo chofiira ndi siginecha. Linati bondo lawo lakumanzere lili bwino, kupatula timadzi pang'ono. Bwana, sitinkadziwa kuti tili ndi nkhawa ya bondo, koma mwatichotsera. Nditafunsa za khosi, kalaliki wa pawindo anandiuza kuti pepala lachidindo silinama, ndipo ngati tikulikana bondolo tibwere ndi umboni wakuti si lathu. Amuna anga anapinda buluku n'kuonetsa bondo lawo pawindo. Kalaliki analiyang'ana, anayang'ananso pepala, n'kunena kuti akuona kufanana.

Kuyambira tsiku limenelo ndimaganizira bambo wina wotsimphina, kaya ali kuti, amene akusisita khosi lake labwinobwino akulira, yankho lathu lili m'thumba mwake. Mukamupeza mumuuze asataye pepalalo. Mumuuzenso kuti bondo lake tikulisunga bwino.

Mwachifundo chanu mwatipatsa tsiku lina lojambula, pakatha miyezi khumi ndi inayi.

Ine zithunzi sindidziwa kuwerenga, koma tepi yoyezera ndimaidziwa. Kolala ya malaya awo ndaikulitsa katatu, ndipo dzulo batani lapamwamba lakananso. Chakudya cholimba sichikutsika. Mwana wathu wamkazi amatenga mbale yake kukadyera panja kuti asamaone bambo ake akulimbana ndi supuni imodzi. Iwo amangoseka, amati akufuna kuonda.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Sindikupempha kuti mutidumphitse mzere, pakuti ndaona anthu a pabenchipo, ena makosi awo aposa athu. Vuto ndi lakuti chotupachi n'chosaphunzira, ndondomeko ya ofesi yanu sichikuidziwa. Ine ndachiuza, adokotala achiuza, sichikumva. Ndikupempha kuti muchilembere kalata nokha, papepala la ofesi, yochilamula kuti chiime pamene chafikapo mpaka tsiku lake litakwana. Mudinde ndi kusaina. Ndidzaisokerera m'kati mwa kolala kuti chiziiona tsiku ndi tsiku.

Chikapanda kumvera, musadzavutike kutilembera. Tsiku lathulo mudzangopatsa wina.

Ndine wanu wogonjera,

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato,
mkazi wa wometa tsitsi.