Mlandu wa Kaputeni Umene Sunkatha

A Jenerale sanagwirepo mfuti moyo wawo wonse, ndipo nkhuku ikamaphedwa ankayang'ana kumbali, koma palibe munthu m'tauni muno amene anaweruza asilikali ambiri kuposa iwo. Ntchito yawo inali yokonza mawotchi. Loweruka lililonse masana ankatseka shopu, n'kuvala chipewa cha katoni chomatidwa zivindikiro za mawotchi akufa ngati mamendulo, n'kuyala patebulo mapu a nyenyezi amene anajambula okha. Pamenepo anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, ankasanduka asilikali a zombo za m'mlengalenga. Aliyense anali ndi msilikali wake wolembedwa papepala, ndipo madayisi ndiwo ankanena ngati chipolopolo chalasa. Koma malamulo anali m'kope la a Jenerale, ndipo pa malamulo analibe chibale.

Wometa anamutsitsa udindo chifukwa choyetsemula pa perete. Namwino atachedwa n'kunena kuti minibasi inafera panjira, anamuuza kuti kumwezi kulibe minibasi, n'kumupatsa masabata awiri otsuka injini. Ngakhale ntchentche imene inatera pamapu popanda chilolezo inazengedwa mlandu, itathawa kale pawindo.

Lamulo loopsa linali lachitatu: wokana kumvera pankhondo aponyedwe kunja kwa chombo. Ndipo msilikali wako akafa, mpando wako patebulo unkathera pomwepo, osabweranso.

Amene anagwa m'lamulo limeneli anali atelala a khonde loyandikana, Kaputeni wa pamasewerawo, patangotha mwezi mkazi wawo atamwalira. Analamulidwa kuthawitsa chombo, koma iwo anachibweza kukatenga msilikali wa wometa amene anatsala yekha pa dziko loyaka moto. Mlandu unali wosachita kufunsa. Atelala anachita mantha enieni, chifukwa tebulo limenelo ndi lokhalo limene linkawatulutsa m'nyumba ya zii ija.

Loweruka lotsatira anabwera mtima uli m'mwamba. A Jenerale anamenya tebulo ndi kahamala ka mawotchi n'kulengeza kuti mboni ili pa nyenyezi yakutali, uthenga wake ufika chaka chamawa. Chaka chamawacho chitakwana, kahamala kanasowa. Katapezeka, woimbidwa mlandu anapezeka kuti batani lake limodzi likulendewera, telala wathunthu, ndiye khoti silikanamumvera. Masewera ankapitirira, nkhondo zinkamenyedwa, koma atelala sankakhazikika. Lachisanu likafika ankadzibaya ndi singano, ndipo tsiku lina anasoka thumba la buluku pabondo.

"A Jenerale, ngati n'kundiponya ndiponyeni, ndipumeko," anatero tsiku lina atatopa nazo.

"Khoti silithamangitsidwa, Kaputeni. Tsiku limodzi siliwoza mbewa."

"Zaka zisanu ndi ziwiri izi. Mbewa yanuyo yatsala ubweya wokha."

"Kunyoza khoti kumeneko. Ndi mlandu watsopano, ndipo tiyamba ndi umenewo."

A Jenerale anapezeka atamwalira Lachiwiri lina m'mawa, atatsamira patebulo lawo la ntchito, kagalasi kadakali m'diso, mawotchi onse akuyenda. Atelala analira, komanso, kunena zoona, anakwiya. Munthu angapite bwanji osamaliza mlandu wa mnzake?

Maliro atatha, mwana wamkazi wa a Jenerale anaitana onse ku shopu Loweruka masana. Anaika patebulo kope, chipewa ndi envelopu yachikasu ndi ukalamba, yolembedwa kuti Kaputeni. Atelala anaimirira ngati msilikali, ndipo namwino anatsegula envelopuyo n'kuwerenga mokweza.

"Wolakwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndikanakhala ine ndikanalakwa chimodzimodzi. Lamulo likuti achoke pampando wake. Achokedi, akhale pa wanga."

Tsiku la chigamulocho linali la sabata yoyamba yomwe ija, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

Masiku ano shopu ndi yotseka, ndipo mawotchi a pawindo anaima, iliyonse pa nthawi yakeyake. Mapu anasamukira pa tebulo lodulirapo nsalu. Chipewa chimawakulira atelala, chimangogwera m'maso, ndipo palibe amene amaopa kuyetsemula pa perete. Tawasowa a Jenerale.

Mwezi watha namwino, amene anapuma ntchito ndipo ana ake onse ali kutali, anakana kuwombera chombo cha adani chimene chinali chitagonja kale. Atelala anatsegula kope, anawerenga lamulo lachitatu mokweza, anamuyang'ana namwino nthawi yaitali, kenako anakweza kahamala.

"Mboni ili kutali," anatero. "Tionane Loweruka."